Ulendo wa Bowa Wouma: Kuchokera Pathanthwe Kufika mu Labotale

Bowa sadikira munthu. Amene anazulapo bowa m'mamawa, mame akadali pa udzu, amadziwa kuti pofika mawa madzulo amakhala atalefuka, atada m'mbali, mphutsi zitayamba kale ntchito m'kati mwa tsinde. Chimanga chimapirira m'nkhokwe, nyemba zimagona m'thumba miyezi, koma bowa amabwera wambiri nthawi imodzi n'kuchokanso nthawi imodzi. Chifukwa chake n'chakuti thupi lake ndi madzi: pa makilogalamu 10 a bowa wamuwisi, pafupifupi makilogalamu 9 ndi madzi okhaokha. Choncho kulikonse kumene anthu anaphunzira kudya bowa, anakumana ndi funso limodzi: tichite bwanji kuti ndiwo ya sabata imodzi itifikitse m'chilimwe? Yankho lakale kwambiri linali kumuyanika. Funso lachiwiri, loti kodi kuyanikako kumasiya chiyani ndipo kumachotsa chiyani m'kati mwa bowayo, linachedwa zaka masauzande kuti lifunsidwe.

Chiyambi: chingwe, dzuwa ndi ng'anjo

Umboni wina wakale kwambiri wa munthu woyenda ndi bowa wouma unapezeka mu September 1991 m'mapiri a Alps, m'malire a Italy ndi Austria. Madzi oundana atasungunuka, panaoneka mtembo wa mwamuna amene anafa zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, yemwe lero amatchedwa Ötzi. Pakati pa katundu wake panali mitundu iwiri ya bowa womera pamitengo. Wina anali wokolezera moto. Winayo anali tizidutswa toboola pakati, totungidwa pa timizere tachikopa. Sanali bowa wa ndiwo, koma akutionetsa kuti kalekalelo munthu anali atadziwa kale kuti bowa akauma amasanduka katundu woti n'kuyenda naye.

Patapita zaka masauzande atatu, mlembi wa ku Roma dzina lake Pliny, amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba za bowa wochokera ku Bithynia, dera limene lero lili m'dziko la Turkey. Bowayo ankamutunga pa udzu wa m'dambo n'kumupachika kuti aume, kenako ankagulitsidwa kutali ngati mankhwala. Luso lotunga bowa pa ulusi silinathe. Ku Poland ndi ku Russia mpaka lero mikanda ya bowa wouma imalendewera m'makhitchini ndi m'misika. Kumeneko dzuwa la nyengo ya bowa ndi lofooka, choncho ankadalira ng'anjo yaikulu yanjerwa ya m'nyumba: buledi akapsa, moto utazima, ankalowetsa bowa kuti aume ndi kutentha kotsalira.

Anthu a ku Russia anaona chinthu chimene asayansi anadzachifotokoza mochedwa. Mitundu yambiri ya bowa ikauma imada bii, koma mtundu umodzi, umene Ataliyana amautcha porcini, mnofu wake umakhalabe woyera. Anautcha bowa woyera, ndipo ndi umene unkagulidwa mtengo wokwera kuposa ina yonse. Pamsika, maso a wogula ankaweruza ndi mtundu. Sankadziwa kuti kuda kwa bowa ndi chizindikiro cha nkhondo imene mpweya ukuchita ndi zinthu za m'kati mwake, koma ankadziwa kuti wakuda ndi woyera sali pamtengo umodzi.

Kum'mawa: bowa amene amakoma atauma

Ku China nkhaniyi inayenda njira ina. M'mapiri a Qingyuan, m'chigawo cha Zhejiang, anthu amakumbukira Wu Sangong, amene anakhalako m'nthawi ya mafumu a Song, zaka zoposa 800 zapitazo, monga kholo la ulimi wa bowa wa shiitake. Njira yake inali yogwetsa mitengo, kuitema mabala ndi nkhwangwa, n'kuisiya m'nkhalango kuti njere za bowa zouluka ndi mphepo zilowe m'mabalamo. Alimiwo ankakhala m'misasa m'mapiri nyengo yonse yozizira, ndipo popeza msika unali kutali, bowayo ankatsika m'mapiri atamuumitsa kale pa moto wamakala.

Ku Japan amasimba za Dogen, wansembe wachibuda amene anapita ku China mu 1223. Sitima yake ili padoko, kunabwera nkhalamba ina, mkulu wa zophika panyumba ina ya ansembe, amene anayenda mtunda wautali wapansi kudzagula bowa wochokera ku Japan woti akaphikire anzake patsiku lachikondwerero. Dogen anamupempha kuti agone, koma mkuluyo anakana, poti ntchito ya kukhitchini sankafuna kuisiyira wina. Nkhaniyi imaphunzitsa za kudzipereka, koma ikutiuzanso kuti bowa wouma anali kale malonda owoloka nyanja.

Chodabwitsa cha shiitake n'chakuti wouma ndi amene ali ndi ulemu kuposa wamuwisi. Ophika a ku China ndi ku Japan ankanena kuti fungo ndi kukoma kwake zimadzuka akauma kenako n'kunyikidwa m'madzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, wasayansi wa ku Japan, Akira Kuninaka, anasonyeza kuti chinthu china chotchedwa guanylate chimapatsa chakudya kukoma konga kwa msuzi wa nyama, ndipo shiitake wouma ali nacho chambiri. Kuuma kumang'amba timakoma ta tizipinda ta m'thupi la bowa, ndiye madzi akabwerera, zinthu zimene zinali zotsekeredwa padera zimakumana n'kupanga kukomako. Apa panali phunziro loyamba lalikulu: kuumitsa si kuchotsa madzi chabe. Kumasintha bowayo. Kumawononga zina, kumadzutsa zina.

Kwathu: mfutso ndi chikwatu

Kuno kwathu, m'nkhalango za miombo za Malawi, Zambia ndi Mozambique, vuto lili ndi nkhope yakeyake. Bowa amamera m'dzinja, kuyambira December mpaka March, nthawi imene dzuwa limabisala kuseri kwa mitambo. Mvula imene imabweretsa utale pachulu, ndelema ndi manyame pansi pa misuku ndi miombo, ndi yomweyonso imene imakaniza kuti aume. Walira mvula walira matope. Brian Morris, amene anatulutsa buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, anapeza kuti nzeru zozindikira bowa zili makamaka m'manja mwa amayi, ndipo amayi omwewo ndi amene anapeza njira yolimbana ndi chinyezi: kufutsa.

Ndimakumbukira agogo anga aakazi atakhala pamkeka, dengu la manyame pambali, akuchotsa dothi kutsinde ndi kampeni kakang'ono, n'kumang'amba bowa wamkulu ndi zala kuti zidutswa zifanane. Madzi akawira mumphika ankaponyamo bowayo kanthawi kochepa, kenako n'kumutsanulira palichero kuti akhe. Dzuwa likangoti ng'ani, tonse tinkathamangira pathanthwe la kuseri kwa nyumba, limene linkatentha msanga, n'kumwaza bowa mmodzimmodzi kuti asasanjikizane. Maso awo ankakhala kumwamba. Mtambo ukada chakum'mawa ankaitana, "Anuleni, ana inu, mvula iyo!" Masiku a mvumbi bowayo ankakwera pansanja pamwamba pa moto, n'kutsika atanunkhira utsi. Akauma gwa, moti n'kuthyoka ukamupinda, ankamukulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, chikwatu n'kupachikidwa kutsindwi. Mwezi wa September, kunja kuli mbee, ankamasula chikwatu chimodzi, ndipo tinkadyera nsima bowa wotendera ngati kuti dzinja labwerera.

Agogowo akanafunsidwa chifukwa chowiritsira bowa asanamuyanike, akanayankha kuti mphutsi zife, asaole, ndiponso asachite chuku. Yankholo ndi loona. Koma m'kati mwa mphikawo munkachitikanso zinthu zina ziwiri, chimodzi chopindulitsa ndi china chotayitsa, zimene mayina ake anadzapezeka ku France.

Asayansi atsegula bowa

Mu 1895 akatswiri awiri a ku Paris, Émile Bourquelot ndi Gabriel Bertrand, ankafufuza chifukwa chimene bowa wina amafiira kenako n'kuda akadulidwa. Anapeza kuti muli enzayimu, kanthu kofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo, kamene kamagwira okosijeni wa mumpweya n'kumulumikiza ku zinthu zina za m'bowamo. Chaka chotsatira Bertrand anaitcha tyrosinase. Ndi mtundu womwewo wa enzayimu umene umadetsa nthochi yosenda kapena mbatata yodula. Zinthu zimene imadya, zotchedwa ma phenol, ndi zina mwa zimene lero timazitcha ma antioxidant. Choncho bowa akamada pang'onopang'ono pamphasa, chuma chake china chimakhala chikupsa popanda moto. Enzayimuyi imafa ndi madzi owira. Apa ndi pamene mphika wa agogo unkapindulira.

Munthu wina wofunika m'mbiriyi ndi Charles Tanret, katswiri wa mankhwala wa ku France komweko. Iye ankafufuza ergot, kabowa kakuda kamene kamamera pa ngala za rye, mbewu yofanana ndi tirigu. Mu 1889 anapatulamo chinthu chonga mafuta chimene chimatchedwa ergosterol. Patapita zaka 20, mu 1909, anapatulamonso china chokhala ndi sulufule, n'kuchitcha ergothioneine. Pa nthawiyo panalibe amene ankaganiza kuti zinthu ziwirizi zidzakhala pakatikati pa nkhani ya bowa wodyedwa, chimodzi chomangirira nkhaniyo ku dzuwa, chinacho ku madzi.

Cha ergosterol chinayamba kudziwika. M'mizinda ya utsi ya ku Ulaya ana ambiri ankadwala matenda ofewetsa mafupa, miyendo n'kuchita matewe. M'zaka za m'ma 1920 kunadziwika kuti kuwala kwa dzuwa kumachiza matendawa, ndipo chakudya china chikawalitsidwa ndi cheza cha ultraviolet chimachizanso. Adolf Windaus wa ku Göttingen, pamodzi ndi anzake a ku London ndi New York, anasonyeza kuti ergosterol ikaombedwa ndi chezacho imasanduka vitamini D. Windaus analandira mphotho ya Nobel mu 1928. Bowa wodyedwa ali ndi ergosterol yambiri. Tanthauzo lake n'lakuti bowa woyanikidwa padzuwa amapanga vitamini D2 ali pathanthwe pomwepo, pamene woumitsidwa mumdima wa makina sapanga. Vitamini D si antioxidant, koma ndi mphatso imene dzuwa lokha, kapena nyale yotsanzira dzuwa, lingapereke.

Mu 1912 panalowanso dzina lina. Louis-Camille Maillard anafotokoza zimene zimachitika shuga akatenthedwa pamodzi ndi tizidutswa ta mapuloteni: zimasanduka zofiirira ndi zonunkhira. Ndi zimene zimapatsa mtedza wokazinga ndi khungu la buledi mtundu ndi fungo lake. Kufiira kumeneku n'kosiyana ndi kuda kwa enzayimu kuja. Kwina kumabwera ndi mpweya ndi kuchedwa, kwina kumabwera ndi moto. Kusiyana kumeneku kunadzasokoneza ofufuza ambiri m'tsogolo.

Dzimbiri la m'thupi

Mawu akuti antioxidant sanabadwire kukhitchini kapena kuchipatala. Anayambira m'mafakitale, kumene anthu ankafuna kuteteza labala kuti asang'aluke ndi mafuta kuti asasase. Okosijeni amene timapuma ndi yemweyo amene amadyetsa khasu dzimbiri. Antioxidant ndi chinthu chimene chimadzipereka kuti chipse icho m'malo mwa chinzake, kapena chimene chimagwira tizitsulo tofulumizitsa dzimbirilo.

Mu 1954 Rebeca Gerschman, wasayansi wa ku Argentina, ndi anzake ananena kuti okosijeni wochuluka amavulaza thupi mofanana ndi cheza cha X-ray, kudzera mu tizidutswa tosakhazikika totchedwa ma free radical. Mu 1956 Denham Harman wa ku America anapita patsogolo n'kunena kuti mwina ukalamba weniweniwo umachokera ku kuwonongeka kotereku. Mu 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich anapeza enzayimu ya m'thupi imene ntchito yake ndi kuzimitsa kamodzi ka tizidutswa timeneti. Zinaonekeratu kuti thupi limamenya nkhondoyi tsiku ndi tsiku, ndipo anthu anayamba kuyang'ana m'mbale zawo kuti aone chakudya chimene chingathandize.

Panafunika muyeso. Mu 1958 Marsden Blois anafotokoza njira yosavuta imene ikugwirabe ntchito m'malabotale ambiri. Amatenga mankhwala otchedwa DPPH, amene akasungunulidwa m'kachubu amaoneka ndi mtundu wonga wa maluwa a jacaranda. Akadonthezeramo madzi ofinyidwa m'chakudya chokhala ndi ma antioxidant, mtunduwo umazilala n'kusanduka wachikasu. Kuzilala kwambiri ndiye kuti mphamvu ndi yambiri. Ndi kachubu kameneka, pamodzi ndi miyeso ina yowerengera ma phenol, ofufuza anayamba kufananiza bowa wa padzuwa, wa mu uvuni ndi wa m'makina.

Makina alowa m'bwalo

Makinawo anali ndi mbiri yawoyawo. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, ku France anayamba kuumitsa masamba ndi mpweya wotentha n'kuwapanikiza kukhala ngati njerwa. Asilikali a pankhondo ya ku Crimea ndi a pankhondo yapachiweniweni ya ku America anadyetsedwa njerwa zimenezi pofuna kuwateteza ku matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano. Thandizo lake linali lochepa, chifukwa vitamini C, amene pa nthawiyo anali asanadziwike, ankathera m'kutentha, m'kusunga ndi m'kuphika kwa nthawi yaitali. Masambawo ankafika, koma chimene anatumidwa kukapereka chinkatsala m'njira. Kuyambira pamenepo oumitsa chakudya anaphunzira kuopa moto wopitirira.

Njira yosiyana kotheratu inachokera kumapiri a Andes. Anthu a ku Peru ndi Bolivia akhala akupanga chuño kwa zaka mazana ambiri: amamwaza mbatatesi panja kuti ziundane ndi chisanu cha usiku, masana n'kuzipondaponda kuti madzi atuluke, dzuwa ndi mphepo ya pamwamba pa phiri n'kumaliza ntchito. Mu 1906 ku Paris, Arsène d'Arsonval ndi Frédéric Bordas anapanga chipangizo choumitsira zinthu zoundana m'chotengera chopopedwa mpweya. Mmenemo madzi oundana sasungunuka, amangosanduka nthunzi n'kuchoka, kusiya chinthucho chili ndi maonekedwe ake. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse njirayi inakula chifukwa chosungira madzi a m'magazi ndi penicillin, ndipo nkhondo itatha inalowa m'mafakitale a khofi ndi zakudya. Pambuyo pake kunabwera zoumitsira za microwave, za cheza cha infrared, ndi zophatikiza njira ziwiri kapena zitatu.

Zimene miyeso yaonetsa

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kafukufuku wa bowa wouma wachuluka kwambiri, makamaka ku China, India, Poland, Portugal ndi Turkey. Zotsatira zake sizinatuluke ndi mfumu imodzi, koma pali mfundo zimene zimabwerezabwereza.

Kuumitsa moundanitsa ndiko kumene kumasunga bwino mtundu, maonekedwe ndi zinthu zosachedwa kupsa. Kuzizira kumagoneka enzayimu, mpweya kulibe, moto kulibe. Koma makina ake ndi okwera mtengo, amadya magetsi ambiri, ndipo ntchito imatenga tsiku lathunthu kapena kuposa. Komanso bowa wake amakhala ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji, moti akasiyidwa poyera amayamwa chinyezi ndi mpweya msanga, n'kuyamba kutaya zimene anasungazo.

Mpweya wotentha ndi umene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo chinsinsi chake chili pa muyeso wa kutentha. Alimi a shiitake ku Oita, chigawo chimene chimatsogola pa shiitake wouma ku Japan, amayamba ndi kutentha kochepa, chapafupi ndi madigiri 40, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka chapafupi ndi madigiri 60. Ukayamba ndi moto waukulu, bowa amaphikika m'madzi ake omwe, kunja n'kuuma chikhakha, m'kati muli chinyezi. Ukachepetsa kwambiri, bowa amakhala maola ochuluka ali wofunda ndi wonyowa, ndipo imeneyo ndi nyengo imene tyrosinase imakonda. Mdani si kutentha kokha. Mdani ndi kutentha, nthawi ndi mpweya zikagwirizana.

Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti nthawi zina bowa wa mu uvuni kapena wa mu microwave ankazilalitsa kachubu ka DPPH kuposa woundanitsidwa, mwinanso kuposa wamuwisi. Zifukwa zake ndi ziwiri. Kutentha kumamasula ma phenol ena amene anali omangika ku makoma a tizipinda, ndiye amatuluka mosavuta poyeza. Chachiwiri ndi Maillard uja: zinthu zofiirira zimene moto umapanga nazonso zimazimitsa ma free radical m'kachubu. Choncho nambala ikhoza kukwera pamene zina zimene bowayo anabadwa nazo zatsika. Ndipo mtundu uliwonse wa bowa umayankha mwakemwake: chimene chakomera shiitake sichikomera bowa wa oyisitala, wopyapyala ndi wofewa, amene alimi akulima m'mapepala apulasitiki m'madera ambiri a kuno kwathu.

Dzuwa lili ndi mbali ziwiri. Limapereka vitamini D2 ndipo sililipiritsa, koma limachedwa, limadalira nyengo, ndipo bowa amagona masiku awiri kapena atatu pampweya, pafumbi ndi pa ntchentche. Mthunzi umachedwa koposa. Utsi umaumitsa ndi kuthamangitsa tizilombo, koma utsi wakuda wa nkhuni zaziwisi umasiya mwaye wokhala ndi zinthu zimene zimavulaza thupi zikadyedwa kawirikawiri.

Kubwerera kwa ergothioneine

Kwa zaka pafupifupi 100 chinthu chachiwiri cha Tanret chinali ngati choiwalika. Mu 2005 Dirk Gründemann ndi anzake ku Cologne anapeza kuti thupi la munthu lili ndi khomo lapadera m'tizipinda take, lotchedwa OCTN1, limene ntchito yake yaikulu ndi kulowetsa ergothioneine. Thupi silipanga chinthuchi. Chimapangidwa ndi bowa ndi mabakiteriya ena, ife timachipeza m'zakudya. Koma chikalowa, thupi limachisunga nthawi yaitali m'magazi, m'chiwindi, mu impso, m'mafuta a m'mafupa ndi m'diso, malo amene dzimbiri la okosijeni limagunda kwambiri. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Penn State ku America anayeza mitundu 13 ya bowa n'kupeza kuti porcini, bowa woyera wa ku Russia uja, ndi amene anali ndi ergothioneine ndi antioxidant ina yotchedwa glutathione zochuluka kuposa ena.

Ergothioneine ili ndi khalidwe lofunika kwa aliyense woyanika bowa. Imapirira moto bwino kuposa vitamini C ndi ma phenol ambiri, moti kuumitsa kwa kutentha koyenera sikuiwononga kwambiri. Koma imasungunuka m'madzi mosavuta. Siopa moto, imathawira m'madzi. Apa ndi pamene mphika wa agogo unkatayira. Madzi ofiirira amene ankakhuthulidwa kuseri kwa khitchini pambuyo pofutsa ankapita ndi gawo la ergothioneine, ma phenol ndi mavitamini a gulu la B. Chimodzimodzi madzi onyikamo bowa wouma: ophika a ku Japan sawataya, ndiwo amapangira msuzi.

Mbiriyi ili ndi chenjezo lake. Mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wotchuka wa mphamvu za ma antioxidant m'zakudya, ponena kuti zimene zimachitika m'kachubu sizitsimikizira zimene zimachitika m'thupi la munthu, ndiponso kuti amalonda ankagwiritsa ntchito manambalawo molakwika. Kachubu ndi kothandiza pofananiza njira ina ndi inzake, koma sikapereka chilolezo chotcha bowa mankhwala a matenda akutiakuti. Bowa ndi chakudya chabwino, chokhala ndi mapuloteni, mchere wa m'thupi ndi zoteteza zimene zakudya zina zilibe. Ulemu umenewo ndi womukwanira.

Chenjezo lina ndi la moyo ndi imfa. Poizoni wa bowa woopsa kwambiri wa m'banja la Amanita, amene amawononga chiwindi, saphedwa ndi kuwiritsa, kuyanika kapena utsi. Ndelema weniweni ndi wa m'banja lomwelo, n'chifukwa chake diso la wozula liyenera kukhala lodziwa. Bowa akauma maonekedwe ake amasintha, ndipo wakupha ndi wabwino amafanana m'chikwatu. Kusankha kumachitika kutchire, bowa ali wamuwisi, pamaso pa munthu womudziwa. Palibe njira youmitsira imene ingakonze cholakwa cha pozula.

Zimene tingatenge

Tikaika pamodzi nzeru za pathanthwe ndi za mu labotale, sizikangana kwenikweni. Zonse zikuti changu ndicho chimapulumutsa bowa. Ayanikidwe tsiku lomwe wazulidwa. Apukutidwe dothi m'malo momunyika m'madzi. Adulidwe mopyapyala ndi mofanana kuti madzi atuluke msanga. Akhale pathandala kapena pa sefa yokwezeka, pamene mphepo ikudutsa pansi ndi pamwamba, osati pansi pafumbi. Choumitsira cha dzuwa, bokosi lamatabwa lokutidwa ndi pulasitiki yoonekera lokhala ndi mipata yotulutsira nthunzi, chimafupikitsa nthawi ndi kutchinga mvula ndi ntchentche, ndipo mmisiri wa matabwa wa pamudzi angathe kuchipanga.

Kufutsa sikofunika kukutaya, n'kofunika kukukonza. Pa mitundu yodziwika bwino, yosawawa, madzi akhale ochepa ndipo nthawi ikhale ya mphindi zowerengeka, kapena bowayo aikidwe pa sefa pamwamba pa madzi owira kuti nthunzi yokha imugwire. Nthunzi imapha enzayimu ndi mphutsi popanda kukokolola zambiri. Pa mitundu imene makolo anatiphunzitsa kutaya madzi ake chifukwa cha kuwawa kapena kuyabwa, madziwo atayidwe ndithu, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Akauma mpaka kuthyoka, asungidwe pouma, pamdima, m'chotengera chotseka bwino, chifukwa mpweya ndi chinyezi sizisiya ntchito ngakhale bowa ali m'nyumba.

Ndikaganiza za ulendo wonsewu, kuyambira pa timizere tachikopa ta m'mapiri a Alps mpaka pa kachubu kosintha mtundu, ndimaona kuti palibe m'badwo umene unapeza njira yosunga zonse. Dzuwa limapatsa n'kulanda, moto umadzutsa n'kupsereza, madzi amateteza n'kukokolola, ngakhale chisanu cha m'makina chili ndi mtengo wake. Chimene chasintha n'chakuti tsopano tikudziwa mayina a zimene zimatayika ndi khomo limene zimatulukira. Bowa wa m'miombo yathu sangalimidwe m'munda: manyame ndi ndelema amakhala mogwirana ndi mizu ya mitengo yamoyo, utale amadalira chiswe cha m'chulu. Mitengo ikamathera ku makala, dengu limapepuka chaka ndi chaka. Choncho bowa aliyense amene wafika pakhomo ndi woyenera kusamalidwa mpaka kumapeto, kuti chikwatu chikamasulidwa mu September, mwana amene akudyera nsima alandire zonse zimene nkhalango inamutumizira.